Kadimba kanga koyamba: ndiyambire pati, ndibzale chiyani?

Woyamba Kumene
Moni nonse a m'gulu lino. Ndakhala ndikungowerenga zimene mumalemba, lero ndalimba mtima kuti ndifunse. Kuseri kwa nyumba kuli malo a mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, ndipo ndikufuna kuyamba kulimapo ndiwo zamasamba. Sindinalimepo chiyambire. Ndagula njere za phwetekere, karoti, kabichi, letesi, anyezi, nkhaka, tsabola ndi zitheba. Kodi ndilime malo onsewo nthawi imodzi? Nanga ndiyambe ndi ziti? Amene munadutsamo kale, chonde ndigawireniko nzeru, chifukwa zimene ndikuwerenga pa intaneti zikutsutsana mpaka mutu wayamba kuzungulira.

Agogo a Manyowa
Takulandirani, mwanangu. Mwachita bwino kufunsa khasu lisanalowe m'nthaka. Malo onsewo musalime ayi. Ndikudziwa kuti mtima ukufuna kuona kuseri konse kuli biriwiri, koma tiyeni tiwerengere madzi okha. Ndiwo zamasamba zambiri zimafuna madzi pafupifupi malita 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata, ndipo kukatentha zimamwa oposa pamenepo. Malo anuwo ndi masikweya mita 40. Amenewo ndi malita 1,000 pa sabata, makeni 100 ngati keni yanu ndi ya malita 10. Za kupalira sitinanene n'komwe. Anthu amene ndawaona akusiya dimba chaka choyamba sikuti alibe dzanja la ulimi, koma dimba limangowakulira.

Konzani mabedi awiri basi, lililonse mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali. M'lifupimo musapitirire pamenepo, kuti dzanja lizifika pakati pa bedi inu mutaima m'kanjira. Dothi lopondedwapondedwa limalimba ndipo mizu imasowa mpweya. Mabedi awiriwo azimwa makeni 18 pa sabata, ntchito yoti munthu wobwera ku ntchito atatopa akhoza kuikwanitsa.

Musanakhome chikhomo, tengani tsiku limene muli pakhomo muone mmene dzuwa likuyendera pamalopo. M'mawa, masana ndi madzulo, onani pamene mthunzi wa nyumba ukufika ndi pamene wa mtengo ukugwera. Phwetekere, tsabola ndi nkhaka zimafuna dzuwa la maola 6 mpaka 8 pa tsiku. Letesi amapirira kamthunzi. Mabediwo akhalenso pafupi ndi potunga madzi, komanso poti muziwaona mukatuluka pakhomo.

Mnyamata wa Keni
Agogo, pamenepa ine ndikusiyana nanu pang'ono. Malo akangokhala osalimidwa, udzu ndi umene umasangalala, ndipo njere zake zidzagwera m'mabedi momwemo. Bwanji achemwaliwa angolima ponse, kwinako abzale zosavuta?

Agogo a Manyowa
Za udzuzo mwanena zoona. Koma pali njira yosatulutsa thukuta lambiri. Ayale makatoni pamalo otsalawo, achotse kaye tepi ndi mapulasitiki ake, pamwamba aike udzu wouma kapena masamba. Udzu wapansi ukasowa kuwala umafa, makatoni amawola, nyongolotsi zimabwera kudzafewetsa nthaka. Nthawi yowonjezera bedi lachitatu ikadzakwana, adzapeza pofewa kale.

Mnyamata wa Keni
Pamenepo ndagonja, agogo.

Mayi wa Phwetekere
Achemwali, pa mbewu zimene mwatchulazo, zina zisungeni kaye m'botolo lotseka bwino, pamalo ouma ndi ozizira. Woyamba kumuika pambali ndi kabichi. Amadya malo ambiri, amakhala m'munda miyezi 3 kapena kupitirira, ndipo mbozi zimamukonda koopsa. Munthu woyamba kumene akaona masamba ali mabowo okhaokha amagwa ulesi msanga. Anyezi ndi wofatsa koma wochedwa, kuchokera pa njere mpaka kukolola ndi miyezi 4, 5, nthawi zina kuposa. Komabe njere zake sizikhalitsa, pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri zambiri sizimeranso, ndiye poti mwagula kale, muikeni mzere umodzi m'mphepete mwa bedi.

Bwenzi la woyamba ndi zitheba. Njere zake n'zazikulu, zimamera pasanathe masiku 10 nthaka ikakhala yofunda, ndipo za mtundu wosayanga mumayamba kuthyola pakatha masiku 50 mpaka 60. Letesi wothyola masamba nayenso savuta, bola kusatenthe kwambiri, chifukwa kukatentha amathamangira kutulutsa maluwa ndipo masamba amayamba kuwawa. Phwetekere bzalani mitengo 4 kapena 5, musachulutse.

China chimene chimasokoneza oyamba n'chakuti si mbewu zonse zopita ku nazale. Phwetekere, tsabola, kabichi, letesi ndi anyezi mumafesa pa nazale n'kudzawokera. Karoti, zitheba ndi nkhaka mumabzala pomwe zidzakulirepo. Makamaka karoti: chimene timadyacho ndi muzu wake waukulu, ndiye ukapindika kapena kuduka powokera, mumadzakolola tokhotakhota tamphanda.

Kuya kobzalira muzionera kukula kwa njere, ikwirireni ndi dothi lokwana kawiri kapena katatu kukula kwake. Ya chitheba ilowe masentimita 3, ya karoti sentimita imodzi yokha, ya letesi mungowazapo kadothi kochepa kwambiri, chifukwa imamera bwino kuwala kukamaifikira.

Mphunzitsi Wopuma
Ine ndilankhulepo za nthaka, chifukwa nkhani yonse ili pamenepo. Tengani dothi lonyowa pang'ono mulifinye m'dzanja. Likamwazika mutangotambasula dzanja, ndi lamchenga: madzi amadutsa msanga, ndipo chakudya cha mbewu chimapita nawo limodzi. Likagwirana n'kumamata m'zala mpaka kupoteka, ndi lamakande: limasunga madzi, koma likauma limang'ambika, likanyowa kwambiri mizu imabanika. Mankhwala a nthaka zonse ziwirizi ndi amodzi, manyowa owola bwino. Pamchenga amagwira madzi, pamakande amatsegula tinjira ta mpweya.

Ndanena kuti owola bwino, ndipo ndikubwereza. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimawotcha mizu ya mbande. Zimakhalanso ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, ndipo kumbukirani kuti letesi ndi karoti anthu amadya zosaphika. Ziunjikeni pambali ziwole miyezi 4 kapena kupitirira. Manyowa okhwima amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira dothi, ndipo simungathenso kuloza kuti ichi chinali chiyani.

Kompositi yambani lero lomwe, ngakhale mudzagwiritsa ntchito mtsogolo. Sanjikizani zouma, monga masamba ogwa ndi mapesi, ndi zaziwisi, monga makoko a zipatso ndi udzu wodula kumene. Zouma zichulukirepo. Mulu ukhale ndi chinyezi ngati nsalu yochapa imene mwaifinya kale. Ukanunkha ndiye kuti madzi kapena zaziwisi zachuluka, wonjezani zouma n'kutembenuza. Ukangokhala osatentha m'kati ndiye kuti wauma kapena zaziwisi zachepa. Nyama, mafuta, ndowe za galu ndi za mphaka zisalowemo.

Mukafuna feteleza wogula, pathumba pamakhala manambala atatu oimira nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, motsatana choncho. Nayitrojeni ndi amene amakulitsa masamba. Letesi amamukonda, koma mukamuchulutsa pa phwetekere mudzakhala ndi chitsamba chokongola chosabereka kwenikweni.

Mlimi Wosatipula
Aphunzitsi anena bwino, koma ine ndiwonjeze kuti manyowawo palibe chifukwa chowakwirira. Ayaleni pamwamba pa bedi, masentimita 5, mubzale momwemo. Kutembenuza nthaka kumatulutsa njere za udzu zimene zinagona pansi, ndipo kumaphwanya njira za nyongolotsi.

Mphunzitsi Wopuma
Achimwene, njira yanuyo ndimailemekeza ndipo imagwira ntchito. Koma kuseri kwa nyumba nthawi zambiri ndi malo amene anthu akhala akupondaponda, mwinanso muli zidutswa za njerwa ndi simenti zotsala pomanga. Karoti sangalowe pamenepo. Ulendo woyambawu atipule kuya masentimita 25 mpaka 30, achotse miyala, kenako asadzatembenuzenso, azingowonjezera manyowa pamwamba monga mwanenera.

Mlimi Wosatipula
Ngati ndi polimba choncho, atipule kamodzi. Koma kamodzi kokha, aphunzitsi.

Woyamba Kumene
Ndabweranso, ndipo zikomo nonse. Mabedi awiri ndinakonza, makatoni ndinayala. Zitheba zatuluka zonse, ndikaziona mtima ukuchita kukoma. Koma ndili ndi nkhawa ziwiri. Mbande za phwetekere pa nazale zinamera bwinobwino, tsopano zina zikugwa chogona. Ndikayang'ana patsinde penipeni, pamene pakhudza dothi, pawonda ndipo pada. Chachiwiri, pamzere wa karoti palibe chilichonse. Kodi njerezo zinali zakufa?

Mayi wa Phwetekere
Za phwetekerezo ndi matenda odziwika a pa nazale, ndipo amagwira ngakhale alimi a zaka zambiri. Amayamba ndi tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso monga Pythium ndi Rhizoctonia, timene timasangalala pamene pali chinyezi chochuluka, mbande zothithikana ndiponso mphepo yosadutsa. Zimene zagwazo sizidzukanso, zizuleni pamodzi ndi kadothi kozungulira mukataye kutali. Zotsalazo patulirani kuti iliyonse ikhale ndi mpata wa zala ziwiri. Thirirani m'mawa mokha, ndipo pamwamba pa dothi pazichita mbuu musanathirirenso. Ngati munaika denga la udzu pa nazalepo, likwezeni ndi kulichepetsa kuti dzuwa lam'mawa lizilowa. Mukufuna mitengo 5 yokha, ndiye ngakhale theka litafa mukadali ndi zokwanira.

Agogo a Manyowa
Za karoti, mwanangu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Karoti amatenga masiku 14 mpaka 21 kuti amere. Chimene chimamupha ndi kuuma kwa dothi lapamwamba, chifukwa kanjere kali pafupi ndi dzuwa ndipo kakayamba kumera kenako n'kuuma, kathera pomwepo. Yalani chiguduli chonyowa pamzerepo, muzivundukula tsiku ndi tsiku, ndipo mukangoona tobiriwira chichotseni tsiku lomwelo.

Chenjeraninso popalira. Karoti akamamera amatulutsa timasamba tiwiri tosongoka, toonda, tofanana ndi udzu weniweni. Tamanyawinyawi timene mumatidziwa timabwera pambuyo pake. Chilichonse chimene chamera molunjika mumzere musachizule. Akafika kutalika kwa chala mudzapatulire, atalikirane masentimita 5. Kuzula mbande zamoyo kumapweteka mtima, koma mukazisiya zonse palibe imene idzanenepe.

Mnyamata wa Keni
Pa nkhani ya kuthirira, poti ndi imene ndimaidziwa. Musamawaze timadzi pamwamba tsiku lililonse, kupatula pa njere zimene sizinamere ndi pa mbande zowokera kumene. Mbewu zikagwira, thirirani mokhathamiritsa kenako mudumphe tsiku kapena awiri, kuti mizu itsatire madzi pansi. Lowetsani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Mukamva chinyezi, keni ibwerere. Masamba akafota masana dzuwa lili pamutu koma madzulo n'kudzuka okha, mbewuyo ilibe ludzu. Akafota m'mawa, pamenepo ndiye fufuzani. Madzi apite patsinde osati pamasamba, ndipo phimbirani bedi ndi udzu wouma wopanda njere, kusiya kampata kozungulira tsinde.

Mayi wa Phwetekere
Ndiwonjeze za kuwokera nthawi isanakwane. Mbande za phwetekere zimakhala zokonzeka zikakhala ndi masamba enieni 4 mpaka 6. Kutatsala sabata imodzi, yambani kuzizoloweza dzuwa ndipo chepetsani madzi pang'ono. Wokerani madzulo, mutathirira nazale kuti dothi lituluke logwirana ndi mizu. Gwirani tsamba, osati tsinde. Phwetekere mukwirireni mozama mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde lake lokwiriridwa limatulutsa mizu ina. Atalikirane masentimita 50 kapena 60, ndipo mtengo wochirikizira muzike tsiku lomwelo, mukadzazika mochedwa udzabaya mizu.

Wa Pakhonde
Pepani kulowerera nkhani ya eni. Ine ndilibe malo, ndili ndi khonde lokha la simenti. Kodi ndingoiwala za dimba?

Mlimi Wosatipula
Musaiwale ayi, achemwali. Chidebe cha malita 20 chimakwana mtengo umodzi wa phwetekere kapena wa tsabola. Letesi amakhutira ndi beseni lakuya masentimita 15 mpaka 20. Boolani pansi mabowo angapo, chifukwa mizu ikakhala m'madzi imawola. Dothi la m'munda lokha limagwirana m'chidebe, lisakanizeni ndi kompositi wambiri. Zidebe zimauma msanga, nthawi yotentha mudzathirira tsiku lililonse, ndipo chakudya chimatha msanga chifukwa chimatuluka ndi madzi, choncho muziwonjezera kamanyowa pamwamba. Chidebe chimene munali penti kapena mankhwala musalimemo zakudya.

Wotsala Pang'ono Kusiya
Ine ndikuwerenga zonsezi misozi ili m'maso. Ndinayamba ndi chimwemwe, lero nsonga za tsabola zapiringizika, kunsi kwa masamba kuli tizilombo tobiriwira tothithikana ndipo nyerere zikukwera ndi kutsika. Mbande za kabichi zina ndimazipeza m'mawa zitadulidwa patsinde. Nkhaka ikuchita maluwa koma akungoyoyoka. Mwina ulimi si wanga.

Agogo a Manyowa
Amayi, pukutani misozi. Mmene mwafotokozeramu, kuti kunsi kwa tsamba kuli chiyani ndipo nyerere zikutani, zikusonyeza kuti mumaliyang'ana dimba lanu mwachidwi, ndipo luso la mlimi limayambira pamenepo. Zitatu zonse mwatchulazi zili ndi mayankho.

Tobiriwirato ndi nsabwe za m'masamba. Zimayamwa madzi a mbewu n'kutulutsa timadzi totsekemera, n'chifukwa chake nyerere zabwera. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena zigwetseni ndi madzi. Zikachuluka sungunulani sopo wamba wochepa m'madzi, mupopere kunsi kwa masamba madzulo, koma yesani kaye pa masamba awiri muone ngati sakupsa. Mukaona kachilombo kozungulira kofiira ka madontho akuda musakaphe, ntchito yake ndi kudya nsabwezo.

Wodula mbandeyo ndi mbozi imene imabisala m'dothi masana n'kutuluka usiku. Fukulani ndi chala pafupi ndi mbande yodulidwayo, mudzaipeza itadzipinda, yotuwa. Mbande zotsalazo zivekeni kolala ya katoni kapena ya botolo lodula mbali zonse, ilowe pang'ono m'dothi.

Mphunzitsi Wopuma
Za nkhaka ndiyankhe ine. Nkhaka ndi maungu zimakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi. Aamuna ndi amene amayamba kutuluka, ndipo kuyoyoka ndi chikhalidwe chawo. Duwa lalikazi mulizindikira ndi kankhaka kakang'ono kamene kali kumbuyo kwake. Ngati aakazi sanayambe, dikirani. Ngati ayamba koma tinkhakato tikuchita chikasu n'kugwa, ndiye kuti njuchi sizikufika mokwanira. M'mawa thyolani duwa lalimuna, muchotse masamba ake achikasu, mukhudzitse mungu wake pakati pa duwa lalikazi.

Mnyamata wa Keni
Koma tisanamizane, pali tizilombo tina toti sopo sachita kanthu. Tuta absoluta, kagulugufe kakang'ono kamene kanachokera ku South America n'kupezeka ku Spain mu 2006, mbozi zake zimalowa m'kati mwa tsamba la phwetekere n'kumadya zili momwemo. Nanga pamenepo munthu asagule mankhwala?

Mayi wa Phwetekere
Pa mitengo 5, achimwene, maso ndi zala zimachita zambiri. Tsamba likaoneka ndi malo oyera owonekera m'kati, lithyoleni mulitsekere m'jumbo mukataye, lisalowe mu kompositi. Sindikukaniza mankhwala, koma amene wagula adziwe kaye chimene akupha, awerenge chizindikiro cha pabotolo, atsatire muyezo, adziteteze popopera, ndipo asunge masiku amene alembedwa kuti adutse asanakolole. Asapopere njuchi zili pa maluwa, chifukwa mawa adzakhala akudandaula za nkhaka ngati mmene amayiwa akudandaulira.

Wotsala Pang'ono Kusiya
Ndafukula, mbozi ija ndaipeza, inadzipinda monga munanenera agogo. Ndipo pa nkhaka ndaona maluwa awiri okhala ndi tinkhaka kumbuyo. Sindisiya.

Wa Pakhonde
Phwetekere wa m'chidebe uja wabereka, koma zipatso zoyamba zikuda kumatako kwake, pakuchita kulowa m'kati. Ndi matenda opatsirana? Ndizule?

Mayi wa Phwetekere
Musazule, sapatsirana amenewo. Chipatso chikamakula chimafuna chakudya china cha m'nthaka chotchedwa kashiamu, ndipo kashiamu amayenda ndi madzi kuchokera ku mizu. Dothi likamauma gwa kenako n'kukhuta madzi, kenako n'kuumanso, kumapeto kwa chipatso sikulandira wokwanira ndipo kumafa. M'zidebe zimachitika kawirikawiri. Thyolani zodazo, muzithirira mosadumphadumpha, phimbirani pamwamba, zipatso zotsatira nthawi zambiri zimabwera zabwino. Kuthirira kwa lero inde mawa ayi ndi kumenenso kumang'ambitsa phwetekere akamapsa.

Choopa ndi madontho a bulauni okhala ndi mizere yozungulira m'kati, oyambira pa masamba apansi. Chimenecho ndi chiwawu, ndipo chimakwera ndi dothi lothovukira pamasamba. Masamba okhudza pansi muziwachotseratu.

Mphunzitsi Wopuma
Kwa onse amene mwayamba chaka chino, pezani kabuku mulembe chimene mwabzala, tsiku lake ndi bedi lake. Mudzakafuna posintha mbewu. Phwetekere, tsabola, biringano ndi mbatatesi ndi banja limodzi ndipo matenda awo ndi amodzi, choncho zisatsatizane pa bedi limodzi. Mukatha kudikira zaka 3 musanabwezepo banja lomwelo ndi bwino kwambiri. Njere za mbewu zolembedwa F1 papaketi musavutike kusunga, ana ake safanana ndi kholo.

Wotsala Pang'ono Kusiya
Aphunzitsi, ndazula chitheba chimodzi chimene chinatha kubereka, ndipo ku mizu kuli timibulu. Ndi matenda enanso?

Mphunzitsi Wopuma
Tikandeni ndi chikhadabo, amayi. Tikathothoka mosavuta, tili m'mbali mwa muzu, ndipo mukatiphwanya m'kati muli mofiirira, timeneto ndi tabwino. Ndi nyumba za mabakiteriya otchedwa Rhizobium, amene amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kupatsa mbewu za banja la nyemba. Zitheba zotsalazo zikadzatha musadzazule, mudzadule patsinde mizu iwolere momwemo, masamba ake apite ku kompositi, pabedipo mudzaike letesi kapena kabichi wanu uja.

Koma ngati muzu weniweniwo ndi umene watupa ndipo zotupazo sizikuthothoka, amenewo ndi manematodi, tizilombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Pamenepo zulani mizu yonse mukataye kutali, tsukani khasu musanalowe nalo pa bedi lina, ndipo nyengo ikubwerayi musabzalepo phwetekere, karoti kapena nkhaka. Jambulani mizuyo mutumize muno tione.